Mkango wa Miyendo Isanu

Aliyense wa pa Boma la Mchinji amawadziwa mayi Consolata, telala wa pakhonde la golosale ya a Abbasi. Ngati simuwadziwa, ndiye kuti thalauzi lanu silinang'ambikepo. Mayiwa anachoka ku Guilleme ali mtsikana, atasenza makina osokera pamutu, ndipo chiyambire sanatayepo kachidutswa ka nsalu. Zotsala za madiresi a anthu amazilumikiza n'kupanga zofunda za zigamba, zolemera moti ukafunda m'mwezi wa Juni sutembenuka mpaka kuche. Koma khalidwe lawo limodzi ndi ili: sapempha. Ngakhale singano, bola ayende wapansi kukagula.

Mwana wawo yekhayo, Linda, atapeza banja ku Chipata, mayi anati mwana wawo sangapite kwa eni ake chimanjamanja. Anayamba kumusokera chofunda, pakati pake n'kuikapo mkango wotengera chithunzi cha mkango wa pakhoma la golosale, umene Linda anakula akuuona. Mkangowo, abale inu, unali wamtundu wake: mutu ngati wa galu wokhuta, miyendo isanu. Anaujambula kalekale ndi a Vitus, olemba zikwangwani, ndipo zaka zonsezi ankakakamira kuti mwendo wachisanuwo ndi mthunzi.

Chofunda chitangotsala pang'ono kutha, a Vitus anatulukira, penti mpaka m'makutu.

"Mayi, mkango uwu mwautenga kuti?"

"Pakhoma apa. Kodi ndaumatula? Si uwo ulipo?"

"Mwandibera luso! Lamulo lilipo, ndinamva pa wailesi. Chojambula cha munthu sutengera usanapemphe mwini wake."

"Iii, ndiye mikango yonse ya Mulungu yasanduka yanu? Wangayu ndi wakutchire."

Akabaza anaimika njinga, ogulitsa mandasi anasendera pafupi. A Vitus anatambasula chofunda chija pamaso pa anthu.

"Werengani miyendo! Ndani wina m'Malawi muno, ngakhale ku Zambia komwe, anajambulapo mkango wa miyendo isanu?"

"Si paja mumati ndi mthunzi?" anafunsa a Abbasi ali pakhomo.

"Ndi mwendo. Ndinasokoneza powerenga. Koma wosokonezayo ndine, osati mayiwa!"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma atatha kuseka onse anavomereza kuti a Vitus akunena zoona. Chigamulo chinali chapafupi: mayi apemphe pamaso pa anthu, apo ayi achotse mkangowo. Ha! Mayi Consolata apemphe? Anangoti, "Ndichotsa," mawu ali gwa, pamene mtima ukuwawa koopsa. Ukwati unali utayandikira, nsalu yachikasu inali itatha, ndipo Linda akanapita ndi chofunda chobooka pakati.

M'mawa mwake anakhala pakhonde ndi lezala, misozi ili lendelende, n'kuyamba kudula ulusi kuchokera kumchira. A Vitus anabwera kudzaonerera, manja ali kumbuyo ngati mkulu wa boma.

Ndiye kunafika galimoto. Munatsika amuna awiri ndi zitini za penti. Kani a Abbasi anali atavomera kale kuti kampani ina ya mafoni ipake khoma lonse mtundu wake, mwaulere. Sanafunse munthu, khoma n'lawo. A Vitus anayesa kukuwa za lamulo la pa wailesi lija, koma amunawo anangoti, "Pepani madala, tatumidwa." Anayambira kumutu. Posakhalitsa mkango wonse unamira, khoma lili mbee.

A Vitus anaima kukamwa kuli yasa. Kenaka anatembenuka, n'kuona lezala la mayi Consolata likulowera kumiyendo ya mkango wa pachofunda.

"Imani mayi! Musadule!"

"Ndikutsata chigamulo chanu."

"Watsala yekhayo padziko lonse. Musiyeni apite ku Chipata." Anakanda m'mutu. "Komanso... mundisokereko wina, ndizimuona kunyumba."

Mayi Consolata anaika lezala pansi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Chithunzi n'chanu, sindikukana. Koma zigamba, ulusi ndi msana uwu n'zanga. Pemphani."

A Vitus anavula chipewa, anapinda bondo pamaso pa akabaza onse, napempha. Mayi anakoka chofunda cha Linda, n'kulowetsa ulusi mu singano.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu, maso ali pa nsalu. "Nanenso ndapempha."