Kagawo kachitatu ka khungu

Kuntchito amawatchula Anagolide, chikhalirecho ndolo zawo n'zapulasitiki. Atha zaka khumi ndi zinayi m'kachipinda kopanda zenera, pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Makinawo amayendetsa kuwala kowonda ngati ulusi pakagalasi, chithunzi n'kumatuluka pakompyuta mzere ndi mzere. Golide wawo ndi timadontho tomatidwa ku mankhwala. Mankhwalawo akagwira chimene akufuna m'khungu, timadonthoto timanyezimira. Chowawa n'chakuti fumbi nalo limanyezimira.

Sabata imeneyo khungu linali la mwana wa mchimwene wawo, khanda la miyezi isanu lotuluka matuza paliponse likakhudzidwa. Adokotala anadula kachikopa pantchafu, mwana analira mpaka kusasa mawu, ndipo munatuluka tizigawo titatu tokha. Kuwononga tonse, mwana adulidwanso.

Kagawo koyamba, pakompyuta panali bii! Timadontho tinali tating'ono kwambiri, tosaoneka. Kachiwiri anakaviika m'madzi a siliva, amene amakuta golide kuti akule, koma safuna kuwala kapena kuchedwa. Ali mkati mowerenga mphindi, abwana analowa ndi alendo n'kuyatsa getsi. Pomaliza malonje, kagawo konse kanali mbuu.

Mayi wa mwana, amene anakhala pabenchi panja ndi mwanayo chim'mawire, anasuzumira.

"Alamu, mwaona chiyani?"

"Ndaona abwana. Khalani pansi mlamu, kuyendayenda kwanuko kukugwedeza tebulo."

"Akamudulanso ine sindimugwira miyendo. Mudzamugwira ndinu."

Anagolide anakiya chitseko, anapukuta kagalasi katatu, anaviika kagawo komaliza. Wina anagogoda, anangomusiya. Mphindi zisanu ndi ziwiri zitakwana anakatsuka.

Mzere, mzere, mzere. Timadontho tinatuluka, koma ndani akanalumbira kuti si fumbi? Anatsitsa kuwala pang'onopang'ono kulowa mkati mwa khungu. Zapamwamba, pomwe fumbi limakhala, zinazima. Mkatimo munatsala mkanda wa timadontho, woduka pakati.

Anatsegula chitseko, khosi lili gwa.

"Sadulidwanso. Chithunzi chatuluka."

"Ndiye achira?"

"Zimenezo akayankha adokotala. Ine ndimangoona timadontho."

"Zaka zonsezi, alamu, timadontho basi?"

Anagolide anavula magolovesi n'kuwaponya m'bini. Anatenga mwanayo mosamala, dzanja lina kumsana lina kumatako, osati m'khwapa mmene khungu limasupuka, kuti mayi wake akamweko madzi.