Malipenga m'chigafa cha fodya

Lero pa Namitete ndinadutsana ndi ngolo yodzaza fodya, ndipo fungo lake linandibwezera m'chigafa cha kwathu ku Nsaru.

Ndinali sitandade faifi pamene achimwene anga anabwera kutchuthi ndi kaseti ya nyimbo zomwe ankati ska-punk. "Anyamata onse kukoleji apenga nazo," anatero. "Izi savina, amangodumpha."

Anatenga wailesi ya abambo mobisa, chikhalirecho mabatire ake anali omvera nkhani ndi mapemphero basi. Tikusoka fodya m'chigafa, anaika kasetiyo ndipo malipenga anaphulika, magitala akuthamanga ngati awakuwizira galu. Ndinataya masamba n'kuyamba kudumpha, manja ali omata ndi fodya.

Potembenuka ndinangoona abambo ataima kumbuyo kwanga. Anali mkulu wa mpingo, ndipo nyimbo zachikunja sankazilola pakhomo.

Anamvetsera kwa kanthawi. "Kodi ndi mpingo uti umenewu?" Kwa iwo malipenga ankaliza ndi ampingo kapena apolisi, palibenso wina.

"Wa ku Amerika, ababa," achimwene anayankha.

"Amatamanda mothamanga, eti?" Abambo anakhala pansi n'kutola masamba aja ndinataya. "Takwezako pang'ono."

Anayamba kusoka, phazi lawo likuwutsa fumbi.