Madzi Onse Anapita ku Thobwa

Zinachitika Lachisanu, m'zaka zija za mizere, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkazipeza titapsa ndi dzuwa pakhomo pa sitolo ya boma. Tinkakhala ku Bwacha, m'tauni ya Kabwe, ine ndikugwira ukalaliki. Khadi la chipatala la tsikulo ndikadali nalo, choncho wina asati mkuluyu wakalamba, akuwonjezera.

Mawa lake mchimwene wa mkazi wanga ankamanga ukwati kutchalitchi kwathu. Mwana wanga wachiwiri, mtsikana wazaka zisanu ndi ziwiri, anasankhidwa kuyenda patsogolo pa mkwatibwi atanyamula maluwa. Sabata yonse ankayeseza masitepe pakhonde, mpaka tinatopa naye.

Nditaweruka ndinafika panjinga dzuwa likadalipo. Mkazi wanga anali atapita kukakongoletsa tchalitchi. Kuseri kwa nyumba kunkachokera fungo ngati la mazira owola. Ndinapeza mwana ali pakampando, thaulo m'khosi, mutu wonse uli mbuu ndi phala loyera. Mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga amene anabwera kuchokera ku Lusaka kudzathandiza zaukwati, ankamupesa. Mwana sankalira. Misozi yokha inkatsika, manja atagwira miyendo ya mpando zolimba.

"Alamu, mwampaka chiyani mwanayu?"

"Ba mulamu mwabwera? Ni mankhwala owongola tsitsi. Nifuna mawa atuluke monga mwana wa minisitala, osati wa kalaliki."

"Simukuona kuti akumva kuwawa?"

"Akawawa ndiye kuti agwira nchito. Namuuza kale, wolira sayenda na maluwa."

"Atate, sindikulira," anatero mwana, mano atalumana.

Ndinafunsa pepala la mankhwalawo.

"Imwe na mapepala. Tsiku lina muzakadya mapepala," anatero mlamu, n'kuloza pansi ndi chipeso.

Pepalalo anali atapukutira zala. Ndinalitola n'kulitambasula pabondo. Botolo la mankhwalawo mlamu analigula pamsika kwa amalonda obwera ndi katundu kuchokera ku Zaire. Mbali imodzi ya pepala inali m'Chifalansa, inayo m'Chingerezi, timalemba ngati mbewu za fodya. Linkati mankhwalawa asapakidwe mwana. Asapakidwe pamutu wokandidwa kapena wa zilonda. Asakhale pamutu kupitirira mphindi zowerengeka, atsukidwe ndi madzi ambiri, ndipo asakhudze diso. M'mawa womwewo mlamu anali atamumasula mwanayo ulusi wa m'tsitsi n'kumukanda mfundu ndi chipeso, monga amayi amachitira. Komanso mwana wa ku Kabwe, wosewera m'fumbi lathu lija, sasowa kachilonda m'mutu.

"Mwampaka nthawi yanji?"

"Pamene sitima ya katundu imapita."

Sitimayo ndinaimva ndikadali muofesi, ndisanatseke n'komwe kabati.

Ndinathamangira kumpopi. Unangopuma mpweya. Madzi anali atatseka kuyambira masana, monga ankachitira kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake tinkasunga mgolo wodzaza pakhonde. Ndinavundukula mgolowo, ndinaona pansi pake. Thobwa laukwati linaphikidwira kwathu, ndipo madzi onse anali atathera kumeneko. Mlamu anapaka mwana mankhwala osayamba watsegula mpopi kuti aone. M'nyumba monse munali theka la ketulo.

Apa ndiyenera kulemba kulakwa kwanga, pakuti kwa ena ndakulemba. Ndinamuweramitsa mwana chakutsogolo, monga timachitira pomusambitsa kumaso, n'kuthira ketulo ija paliwombo. Madzi ochepawo sanatsuke kanthu. Anangosungunula phala lija, linayenderera pamphumi n'kulowa m'diso lamanzere. Pepala ndinali nditawerenga, koma manja anachita zimene anazolowera. Kukuwa kwake kunatulutsa anthu m'nyumba zawo.

Woyamba kufika anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mbemba wogulitsa kapenta, atasenza ndowa yake. Sanafunse chilichonse. Anandilanda mwana, anamugoneka chagada pamiyendo pake mutu ukulendewera kumbuyo, n'kuyamba kuthira ndi kapu, choyamba m'diso, kenaka m'mutu.

"Ba neba, mwaimirira chabe? Gogodani nyumba zonse, mubweretse madzi."

Ndinayenda khomo ndi khomo ndi ndowa, tayi ili m'khosi. Wina anandipatsa poto, wina botolo la madzi akumwa. Pobwerera ndinapeza tsitsi lili pansi m'matope, mitolomitolo ngati thonje lonyowa. Kuseri kwa khutu khungu linali litasupuka, pofiira ngati nyama yapabutchala. Diso linali litatupa, osatseguka. Mlamu anali atakhala pansi, chipeso chikadali m'manja.

Mwana ndinamubereka ndi chitenje cha mayi uja, ine mwamuna, n'kupalasa njinga mpaka kuchipatala. Njira yonse ankafunsa funso limodzi, ngati mawa ayendabe ndi maluwa. Ndinkangoyankha kuti agwire zolimba.

Namwino anatsegula chikope ndi zala n'kutsuka diso nthawi yaitali, ine nditagwira miyendo.

"Bambo ovala tayi ngati inu, mwalola izi?" anatero osandiyang'ana. "Akuluakulu omwe amabwera kuno mitu itapsa. Nanga kamwana?"

Dokotala anati sangadziwe ngati diso lidzaona mpaka kutupa kutatha. Anamanga bandeji n'kumugoneka. Mkazi wanga anafika akuthamanga, duku m'manja, n'kugona naye komweko.

Ukwati unachitika. Anyamata anabwera ndi wilibala kudzatenga thobwa, ndipo maluwa ananyamula mwana wina. Ine sindinapite. Ndinakhala patebulo n'kulemba kalata yopita ku ofesi yoona za umoyo. Ndinafunsa kuti ndani amalola chinthu chosupula khungu kugulitsidwa pakati pa matimati ndi anyezi, chenjezo lake lili m'zinenero zimene ogula ake ambiri sawerenga. Mpaka lero mkwiyo umenewo sunandichoke. Mlamu wanga sanali munthu woipa. Anamva kwa anzake kuti kuwawa ndiko mphamvu ya mankhwala, ndipo panalibe amene anamuuza zina.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ngati munthu wobwereka mutu. Ndikalemba mzere umodzi, ndinkatseka diso lamanzere ndi dzanja kuti ndione mmene dziko limaonekera ndi diso limodzi. Ndinkayesa kutsika masitepe choncho, kuthira tiyi choncho. Tiyi ankatayikira pambali.

M'mawa wa tsiku lachisanu mwana ali m'chipatala anamasula bandeji. Dokotala anaphimba diso labwino n'kuimika zala.

"Zingati, mama?" anamufunsa mwanayo.

Mwana anaphethira. Mkazi wanga anandigwira malaya.

"Ndikuona zenera," anatero mwana. "Ndi chinthu choyera chikuyenda."

Zala sanazione. Dokotala anati tipite kunyumba ndi mankhwala odontheza, tidikire. Pakati pa diso panali kadontho kotuwa.

M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkamukhazika pakhonde, mutu uli ndi nkhanambo, amayi ake atamuphimba diso lamanja. Ndinkaima pakhomo n'kuimika zala. Ankangolota. Nthawi zina ankasuzumira pakati pa zala za amayi ake kuti andisangalatse, ndipo ndinkadziwa. Sabata yachitatu ikutha, ndisanaimike n'komwe dzanja, anati, "Atate, batani lachiwiri simunamange." Ndinayang'ana malaya. Linali losamanga.

Kuseri kwa khutu tsitsi silinamerenso. Kadontho kaja sikanachoke, ndipo dokotala anati kakhoza kukhala chomwecho moyo wonse, kakhozanso kukula. Lero mwana uja ndi mayi wa ana ake. Akabwera kudzandiona n'kugwada kupereka moni, sindimva mawu ake oyamba. Ndimakhala ndikuyang'ana m'diso lamanzere, kuyeza ngati kakula.