Mzime ndi Nyimbo za Bambo Ake

Inu amene mwafika poganiza kuti zanu zinada, tamverani za mayi wina amene kwawo amangomutchula kuti Mzime, poti ndiye womaliza kubadwa.

Tsiku limene madzi anafika m'khosi, Mzime anali atakhala pansi m'chipinda cha bambo ake, manja ali m'masaya. Mayeso omaliza a kusekondale analephera, n'kubwereza, n'kulepheranso. Shopu ya fotokope imene ankagwirako ntchito inali itatsekedwa. Mayi ake anali atamwalira kale. Ndiye m'mawa umenewo anawononga chinthu chokhacho chimene chinkasangalatsa bambo ake.

Bambowo kale ankayimbitsa nyimbo m'maphwando. Moyo wawo wonse ankasonkhanitsa nyimbo za m'makaseti ndi m'madisiki, ndipo asanadwale anazisamutsira zonse mu kompyuta imene inali patebulo pafupi ndi zenera. Kenako sitiroko inawagwira. Mbali ya kumanja inafa, lilime linalemera. Chimene chinatsala ndi dzanja lamanzere, nalonso lonjenjemera.

Mu kompyutamo munali kapulogalamu koyendetsera nyimbo, ka mabatani akuluakulu pa sikirini. Ukadina kiyi imodzi nyimbo inkayamba, ukadina ina inkadumphira yotsatira, ina inkabwereza. Bambowo ankachita kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa, koma nyimbo ankasankha okha. Nthawi zina ankang'ung'udza motsatira, mawu ena n'kumatuluka bwinobwino ngati munthu wosadwala.

M'mawa umenewo pa sikirini panabwera uthenga wakuti sisitimu, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, yakalamba ndipo pafunika kuika yatsopano. Mzime anavomera, poganiza kuti akukonza zinthu. Kompyuta inazima, inayaka, inazimanso. Itadzuka inkaoneka ngati yogula kumene, koma kapulogalamu kaja kanakana kutseguka.

Nyimbo zinalimo zonse. Vuto linali loti pulogalamu yoyimbira imene inabwera ndi sisitimu yatsopano inali ya timabatani tating'onoting'ono ngati nyerere, tofuna mausi. Bambo anayesa. Dzanja linanjenjemera, kamuvi ka pa sikirini n'kuthawira pakona. Anayesanso. Kenako anachotsa dzanja lija n'kuliika pamwendo.

"Ababa, musadandaule, ndizikusinthirani ineyo," anatero Mzime.

Bambo anamuyang'ana pang'ono, n'kutembenukira kukhoma. Kuyambira tsikulo ankangokhala duu. Kung'ung'udza kunatha, chakudya ankangolawa.

Mlongo wake wa Mzime, dalaivala wa lole, atabwera ku ulendo, awiriwo ananyamula kompyuta ija kupita nayo kwa wokonza makompyuta. Kashopu kake kanali kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi, mashelefu odzaza mawaya ndi mafani akufa. Mwiniwake anali bambo wonenepa wokonda nthabwala, magalasi ali pamphuno. Anafufuza kwa nthawi ndithu, kenako anapukusa mutu.

"Sisitimu yakale inafufutika, ndipo eni ake anasiya kuipereka. Kapulogalamu kanuka anakapanga munthu mmodzi kalekale, naye anakasiya. Ena alipo, koma onse ndi a anthu a manja awiri."

"Nanga titani?" anafunsa Mzime.

"Pokhapokha mutapanga kanu, achemwali," anayankha akuseka.

Mlongo wake anaseka nawo. Mzime sanaseke. "Amapanga bwanji?"

"Amalemba khodi."

"Kodi?" anatero dalaivala uja.

"Khodi, achimwene."

"Eya, ndikumva. Kodi chiyani? Malizani funsolo!"

Wokonza makompyuta anaseka mpaka magalasi anagwa. Koma ataona nkhope ya Mzime anasiya nthabwala. Anamuikira mu fulashi mavidiyo ophunzitsa khodi, malangizo olemba amene amauza kompyuta zochita, n'kumubwereka laputopu yakale yosweka pakona, imene inkazima ukangoichotsa kumagetsi.

Panjira mlongo wake anati, "Mzime, masamu anakukana poyera, ndiye izi? Tingowagulira wailesi basi."

"Wailesi imasankhira munthu nyimbo, achimwene. Ababa sakufuna zimenezo."

Anayamba. Masana bambo akagona, iye ankakhala patebulo la kukhitchini, mbale zikuuma pambali, n'kumaonera mavidiyo aja. Aphunzitsi a m'mavidiyomo ankalankhula Chingerezi chothamanga, ndiye ankaimitsa, kubwerera m'mbuyo, kumveranso. Akalemba zimene wauzidwa, sikirini inkangomuyankha ndi mawu ofiira. Tsiku lina anakhala masana onse akufunafuna cholakwika, kupeza kuti ndi kadontho kamodzi kamene anaiwala.

Musaganize kuti sanatope. Anatopa, ndipo anasiya. Anatseka laputopu ija n'kuiika pamwamba pa kabati, mumtima akuti mayeso aja sananame, mutu wake ndi wouma basi.

Chimene chinamubweza ndi ichi. Tsiku lina akudutsa ndi beseni la zochapa, anasuzumira m'chipinda muja. Kompyuta inali yozima, koma bambo anali atatambasula dzanja, chala chikudina kiyi yoyambitsira nyimbo. Ankadina, n'kudikira, n'kudinanso. Mzime anatula beseni pansi, n'kukatsitsa laputopu ija.

Mlongo wake akakhala panyumba, iye ankapita kushopu kuja kukagwiritsa ntchito intaneti. Wokonza makompyuta anamuuza mosabisa, "Ine ndimadziwa mawaya, za khodi sindikunamizani. Funsani anthu pa intanetipo."

"Ndi Chingerezi changa chothyokathyokachi?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achemwali. Lembani."

Analemba. Ena anamunyoza kuti funso lake ndi lachibwana. Ena sanamuyankhe n'komwe. Koma panapezeka ena amene anamufotokozera modekha, ndipo iye anatola zimenezo n'kusiya zinazo.

Batani lake loyamba litagwira ntchito, linagwira mopyola muyezo. Atangodina, nyimbo zambirimbiri zinayamba nthawi imodzi, malipenga, magitala, makwaya, zonse pamodzi. Mlongo wake anatuluka kubafa thovu lili m'mutu.

"Kodi mwatsegula msika m'nyumba muno?"

Mzime anathamangira kukazimitsa. Potembenuka anaona mapewa a bambo akugwedezeka. Ankaseka.

Panapita miyezi kuti zinthu zilongosoke. Anakulitsa mabatani, anakonza zoti chala chikanjenjemera n'kudina kangapo, pulogalamuyo izimva ngati chadina kamodzi. Pa makiyi ofunika anamatapo timapepala ta mitundu yowala. Ndiye m'mawa wina anaika kiyibodi pa pilo, kumanzere kwa bambo ake.

"Ababa, tadinani apa."

Bambo anayang'ana kiyibodi ija nthawi yaitali. Kenako anadina. Nyimbo inayamba. Anamvetsera pang'ono, n'kukwinya nkhope.

"Ayi," anatero movutikira. "Osati... iyi."

Anadina kiyi ina, nyimbo n'kusintha. Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba chiyambire vuto lija. Mzime anapita kukhitchini, anatsegula mpopi kuti asamveke, n'kulira mpaka mtima unakhala pansi.

Wokonza makompyuta atakaona kapulogalamuko, anapempha kuti aikire wometa tsitsi uja, amene manja ake amakhala otanganidwa tsiku lonse. Kenako anaikira mayi wina wachikulire wa maso ofooka. Kenako kanafika kwa mayi wina wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, ndipo iyeyo anauza anzake. Mzime anakaika pa intaneti kuti aliyense atenge kwaulere.

Ndiye sisitimu inasinthanso, monga imachitira nthawi ndi nthawi, ndipo kapulogalamu ka Mzime nako kanakana kutseguka. Foni yake inayamba kulira osapuma. Wometa tsitsi atamuona akudutsa anachita kuima pakhomo la shopu yake n'kukuwa, "Achemwali, makasitomala akungomva kulira kwa mashini!"

Koma ulendo uno sanakhale pansi kugwira m'masaya. Anawerenga zimene zasintha, n'kupeza kuti sisitimu yatsopano inkafuna kuti pulogalamu iliyonse ipemphe kaye chilolezo isanatsegule mafoda a nyimbo. Anakonza, anatumiza kwa onse, ndipo sabata isanathe nyimbo zinabwerera. Kuchokera pamenepo anasiya kudikira kuti zinthu ziwonongeke. Akamva kuti kukubwera sisitimu yatsopano, ankatenga yoyeserera imene imatuluka msanga, n'kuyesa kapulogalamu kake anthu ena asanasinthe.

Khalidwe limeneli ndi limene linamupezetsa ntchito. Mayi wa maso ofooka uja anali ndi mwana amene anali ndi kampani yaing'ono yopanga mapulogalamu a m'masitolo. Mwanayo anadabwa kuona kuti kapulogalamu ka amayi ake kakukonzedwa msanga chonchi, ndipo anaitanitsa amene anakapanga.

"Satifiketi mwabwera nayo?" anafunsa.

"Ndilibe, bwana. Mayeso ndinalephera."

"Ndiye izi munaphunzira kuti?"

"Kukhitchini kwathu, bambo anga akagona."

Bwanayo anamutenga kuti amuyese kaye. Sizinali zophweka. Anzake a muofesimo ankadziwa zambiri zimene iye anali asanamvepo, ndipo pamisonkhano mutu unkamuima. Koma manyazi ofunsa anali atamuthera kale. Ankafunsa, iwo n'kumamuthandiza. Lero Mzime ndiye amatsogolera kagulu kamene kamayesa mapulogalamu a kampaniyo sisitimu iliyonse yatsopano isanafike kwa makasitomala. Masiku ena amagwirira ntchito kunyumba, chitseko cha chipinda cha bambo chili chotsegula.

Bambowo sanachire kwenikweni, koma mawu anabwerera pang'onopang'ono. Tsiku lina kunabwera mnzawo wakale kudzawaona, ndipo Mzime analowa ndi tiyi. Bambo anamuloza ndi dzanja lamanzere lija.

"Mwana wanga... injiniya."

"Ababa, sindine injiniya," anatero Mzime.

"Khala chete," anayankha bambo. "Nyimbo ikuyimba."

Inu amene mukuwerenga, mwina mayeso anakukanani, mwina ntchito inatha, mwinanso munawononga chinthu ndi dzanja lanu lomwe pamene munkafuna kukonza. Mzime sanayambe ndi nzeru zoposa zanu. Anali ndi munthu amene ankamukonda, ndipo anavomera kuoneka wosadziwa kufikira atadziwa. Mukatopa pumani, palibe mlandu, koma mukapuma bwererani. Funsani ngakhale akusekeni. Tsiku limene zidzakane si ndiye mapeto anu. Osataya mtima, yambaninso.