Nsanza za m'miyendo ya nkhuku za atelala

Atelala anasoka zaka makumi anayi pakhonde la sitolo ya eni, mpaka maso anayamba kukana bowo la singano. Atapuma, makina anawakokera pakhonde la kwawo, kuti azingosoka za anthu odziwana nawo, ndipo kuseri kwa nyumba anamanga khola. Munali nkhuku khumi ndi ziwiri, zonse zofiirira ngati zodulidwa pansalu imodzi, iliyonse ndi kansanza pamwendo. Mazira ankatola anayi patsiku.

Mwana wawo wamkazi, amene anali atangobwera kuchokera kunja komwe anakhala zaka zisanu ndi chimodzi, masamu amenewo ankamuyabwa. Ntchito anali asanapeze, choncho ukali wonse unathera pakhola.

"Bambo, milomo khumi ndi iwiri, mazira anayi. Zinazo zili pa penshoni?"

"Zinagwirapo ntchito, mayi. Nanenso ndinaleka kuikira. Undigulitsa liti?"

"Inu palibe angakuguleni. Zokalambazo zichoke, tiikemo misoti."

Anakangana milungu itatu. Pomaliza atelala anagonja: zisanu ndi imodzi zipita ndi wogula nkhuku wina woyenda panjinga, Loweruka m'mawa. Zoti zipite ndi ziti, anati asavutike, akuzidziwa okha.

Lachisanu bambowo atapita kukagula ulusi, mtsikanayo anavala magolovesi n'kulowa m'khola. Anapala zitosi, anatsuka zomwera, anathira utuchi watsopano. Kenako anayang'ana nsanza zija, zakuda bii, zouma ndi matope. Dziko lanji ili, lomwe nkhuku zimayenda ndi zinyalala m'miyendo chaka ndi chaka, osapezeka wofunsa? Anatenga sizasi ya pamakina, n'kuzidula imodziimodzi, n'kuzitentha pamodzi ndi zinyalala.

Atelala atabwera anaima pakhomo la khola. Anagwira nkhuku imodzi, n'kuisisita mwendo. Anagwira ina.

"Mayi, nsalu zanga zili kuti?"

"Nsanza zija? Ndatentha. Zimasunga matenda."

"Wadula ndi chiyani?"

"Ndi sizasi."

"Yanga yodulira nsalu?" Anakhala pandowa yovundikira, pang'onopang'ono ngati munthu wolandira uthenga wa maliro. "Watentha ofesi yonse, mwana iwe."

Zinali chonchi: nkhuku ikamalowa m'khola, ankaimanga kachidutswa ka nsalu imene ankasoka mwezi umenewo. Za khaki zinabwera chaka cha mayunifolomu a sukulu, kalekale. Za nsalu yoterera zinali za madiresi a kwaya, chaka chotsatira. Za nsalu yokhakhala ya ovololo ndiye za chaka chatha, zoikira zija. Maso anali atapita, koma zala za telala siziiwala nsalu.

"Ndiye bwanji osalemba penapake, bambo? Kabuku, kapepala, chilichonse!"

"Ndinalemba. Pamwendo. Iwe bwanji osafunsa?"

Atelala anati palibe chaonongeka kwenikweni. Wogulayo amuuze abwere mlungu wina, iwo azikhala pafupi ndi zisa, ikatuluka ikutetera aimange. Mtsikanayo atamva "mlungu wina" mutu unamutentha. Chibwerereni, chilichonse chinali mlungu wina: wokonza mpope, kalata ya ntchito, ngakhale nkhuku. Anatulutsa foni, napeza njira. Kumbuyo kwa thadzi kuli timafupa tiwiri: pakati pake pakalowa zala zitatu, ikuikira, zikakanika, yatha.

"Zala za ndani?" anafunsa atelala. "Zako zitatu ndi zanga ziwiri. Amene analembayo dzanja lake unaliona?"

"Bambo, ndi sayansi."

"Muyeso wopanda tepi si muyeso. Ine ndilibemo."

Loweruka mtsikanayo anadzuka m'mamawa, n'kuyamba kuyeza. Nkhuku zinkapalapata, zinamukanda m'mikono, ina inamuipitsira siketi. Pofika yachisanu ndi chiwiri sankadziwanso ngati akugwira fupa kapena nthenga, koma kubwerera m'mbuyo pamaso pa bambo ake kunali kosatheka. Anapatula zisanu ndi imodzi.

Wogula anafika akuliza belu. Anakweza nkhuku iliyonse m'manja, ndipo atafika pa yachinayi anaiyang'anitsitsa, n'kuyang'ana mtsikanayo, n'kuiponya m'dengu msangamsanga.

"Achimwene, zonsezi n'zokalamba eti?" anafunsa mtsikanayo.

"Eni ake ndinu, asisi. Ine ndingodziwa kulemera."

Analipira osanenerera n'komwe. Akumanga dengu pakaliyala, mkatimo munamveka kutetera kwamphamvu, kwa nkhuku yonyadira ntchito yake. Wogulayo anapisa dzanja, natulutsa dzira lofunda.

"Imeneyo tibwezereni," anatero mtsikanayo. "Ndalakwitsa."

"Iti, asisi? Zonse n'zofanana." Dziralo analiika m'thumba la malaya mosamala. "Madala, tsalani bwino. Mwana wanu ndi wa manja abwino, ndidzabweranso."

Atelala anali pakhonde, akunola sizasi yawo, ndipo kunolako kunkamveka mpaka kumsewu.

Lamulungu anatola mazira awiri. Lolemba awiri. Lachiwiri m'mawa mtsikanayo anatenga ndowa, n'kuivundikira pafupi ndi zisa, n'kukhalapo, foni itasiyidwa m'nyumba, akudikira kuti aone zimene zamutsalira.