Thukuta la Mapaipi

Mayi Edelmira Barría akhala pabanja ndi a Nibaldo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mtima wawo sunapumulepo. A Nibaldo anali makaniko wa malediyeta a malole kuno ku Punta Arenas. Atapuma pantchito, manja sanaleke kuyabwa. Anakonza wotchi yabwinobwino mpaka inaima. Kenaka maso awo anagwera pa kompyuta ya akazi awo.

Kompyutayo ndiyo inali khasu la mayi Edelmira. Anthu ankawabweretsera matepi akale a kanema, a maukwati ndi a ubatizo, iwo n'kumawasamutsira m'kompyuta. Ankagwirira ntchito kukhitchini pafupi ndi mbaula ya gasi, chifukwa mu Julaye zipinda zinazo zimaluma mafupa. Makinawo akatentha, fani yake inkalira ngati chigayo.

"Kunjaku kukuzizira mwaulere, inu mukuzunza kafani," anatero a Nibaldo tsiku lina. "Ndipatseni masiku awiri basi."

"Bambo a Yasna, chonde isiyeni. Ikugwira ntchito bwinobwino."

Anangotaya malovu. Pochokera kumsika Loweruka, mayiwo anapeza felemu ya zenera itabooledwa pawiri. Mapaipi awiri anachoka m'mimba mwa kompyuta, kudutsa pamabowopo, kukalowa mu lediyeta yakale ya lole imene bambowo anaimangirira kukhoma kunja, komwe kumawomba mphepo ya kunyanja. Madzi ankatuluka otentha n'kubwerera ozizira. Za kuundana anaziganiziratu, anathiramo mankhwala obiriwira aja amathira m'malole. Fani inakhala chete. A Nibaldo anaitana anzawo awiri kudzaona, ndipo mayi Edelmira anachita kuwaphikiranso anthuwo, mano ali gwa.

Sabata yotsatira kunabwera mayi Uberlinda, neba wawo wamasiye, atakulunga tepi m'mpango. Inali ya malemu amuna awo, a Arcadio, akumeta nkhosa uku akuimba. Tepiyo inali itafumbwa. Inazungulira kamodzi kokha mpaka kumapeto, pobweza inaduka n'kutafunidwa m'makina. Koma zonse zinali zitalowa m'kompyuta, ndipo mayi Edelmira anati ayeretse kaye mawu, aike pa fulashi, eniake adzatenge Lachisanu.

Lachitatu linali tsiku lochapa. M'nyengo yozizira palibe wamisala woyanika panja, zovala zimalendewera pamwamba pa mbaula. Ketulo ya tiyi wakuno wotchedwa mate inali kuwira kuyambira m'mawa, mphika wa msuzi nawo uli pamoto, magalasi a zenera achita nkhungu. Mayi Edelmira anaona timadontho titandandalika pamapaipi aja.

"Bambo a Yasna, mapaipi anu akutuluka thukuta."

"Sangadonthe amenewo. Ndinamanga ndekha."

"Ndati akudontha ngati? Ndati thukuta. Tabwerani mudzaone."

Anabwera ndi sipanala, n'kugwira polumikiza ponse. Panali pothina. "Mwaona? Zaka makumi anayi ndili pa malediyeta, amayi inu. Inu samalani za mphika."

Zoona, zaka makumi anayi, koma akugwira mapaipi otentha okhaokha. Paipi yozizira m'chipinda chofunda ndi chodzaza nthunzi anali asanakumanepo nayo. Iwo akulimbana ndi zakunja, thukuta lomwelo linali kutsetsereka m'kati mwa bokosi la kompyuta. Kunamveka kaphokoso, kenaka fungo la waya wopserera, sikirini n'kuda bii.

Mayi Edelmira sanakuwe. Anangozula pulagi mokwiya n'kukhala pampando. A Nibaldo anali atayamba kale kufotokoza kuti vuto ndi zovala zonyowazo.

Mawa lake mwana wawo Yasna anatengera kompyutayo kwa amisiri m'tauni. Anabwerako masana, anangopukusa mutu ali pakhomo. Chosungira zinthu zonse m'kompyutamo chinali chitapsa nacho. Matepi a anthu ena analipo, akanatha kubwereza. Ya a Arcadio yokha ndiyo inalibe pobwerera.

Lachisanu nthawi ya tiyi kunamveka kugogoda. A Nibaldo anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kantchito kugalaja, anatulukira khomo lakuseri. Mayi Edelmira anapukuta manja n'kukatsegula okha.

Mayi Uberlinda anali atavala juzi yawo ya kutchalitchi, m'manja muli mbale ya mkate wokazinga wotentha.

"Anzanga, ndakulawirirani, pepani," anatero akumwetulira. "Tandiuzani kaye, mawu awo akumveka bwino? Nkhope ndili nayo pazithunzi, koma mawu ndayamba kuwaiwala."