Kagetsi ka injini ndi maliro a ku Mlonyeni

Ntchito ya pagalaja inandipeza ndikuotcha mbatata pa Kamwendo. Amuna anga anali atamwalira ku esiteti ya fodya komwe tinali matenanti, ndipo nyumba ya tenanti siisunga mkazi wamasiye. Ndinatuluka ndi ana anga ndi mapoto basi. A Tembo, amakaniko amene anali ndi galaja m'mbali mwa msewu wopita kuboda, ankagula mbatata kwa ine. Tsiku lina anati, "Anaphiri, manje muzingopsa ndi makala? Bwerani muzinditsukira zitsulo." Anakhalitsa ku Zambia, ndiye "manje" sankachoka pakamwa pawo.

Ndinayamba ndi beseni la parafini ndi bulashi. Kutsuka zitsulo, kuyanika pa saka, kutola masipanala. Sipanala ndinkaidziwa ndi kukula kwa kukamwa kwake, pakuti kusukulu ine sindinapondeko.

Zaka zimenezo matipate anali atakhazikika, ndipo galimoto zakale za ku Japani zinayamba kuchuluka. Zimenezi zili ndi kagetsi kachikasu kutsogolo kwa chiwongolero, kamene kamayaka injini ikadwala. Makina opimira galimoto ngati a ku Lilongwe a Tembo analibe. Chida chawo chinali kawaya kopindidwa ngati mbedza. M'boneti muli kabokosi kakuda ka timabowo. Ukalowetsa nsonga ziwiri za kawayako m'timabowo take, n'kutembenuza kiyi osaliza injini, kagetsi kaja kamayamba kuphethira. Kaphethira, kapuma, kaphethiranso, ndipo nambala yake ndiyo imanena pamene pakudwala. Galimoto ikakhala bwino kamangophethira mofanana, osapuma.

Vuto linali loti kawayako kankazuka, mpaka a Tembo akagwirire ndi dzanja, ndiye kagetsi sankakaona. Anandiuza kuti, "Zilembo simudziwa, koma mabelo a fodya munkawerenga. Khalani pampandopo." Ndi mmene ndinakhalira maso a galaja.

Ndiye mumve za tsiku lija. Kunali kutentha kwa Okutobala, dzuwa litapendeka kale. Inafika pikapu ikudzuma, n'kuthima pakhomo penipeni. Kumbuyo kunali bokosi la maliro, azimayi atalizungulira. Mtembo unkachokera kuchipatala ku Lilongwe kupita kumudzi ku Mlonyeni. Anatsika malume a malemu, bambo wamkulu wa jekete lakuda, nati, "Amakaniko, adzukulu anamaliza kukumba m'mawa. Manda sagona apululu, mukudziwa. Tiike lero lomwe."

Dalaivala anati yakhala ikuthima kuyambira pa Namitete. Ndinakhala pampando, a Tembo analowetsa kawaya, ndinatembenuza kiyi. Kagetsi kanangophethira mofanana.

"A Tembo, ikuti ili bwino."

"Ikunama imeneyo."

Anayang'ana batire, anaona mutu wake ukuwala, wongokandidwa kumene ndi sipanala. Anafunsa dalaivala, "Achimwene, batire mwaligwira?"

"Ndimalizula pang'ono kuti kagetsiko kathime. Kakathima imayendako."

A Tembo anagwira m'chiuno. "Mwaipukuta mutu. Zonse zimene inasunga yaiwala. Manje ndiifunse chiyani?"

Njira inali imodzi: kuiyendetsa mpaka idwalenso. A Tembo anati azungulire nayo pang'ono cha kumene inachokera. Malume aja anakana. "Maliro sabwerera kumene achoka. Ndipo bokosi silitsikira pagalaja ngati thumba la feteleza." Basi tinakwera, a Tembo ndi thumba lawo la zida kumbuyo, ine kutsogolo pakati pa dalaivala ndi malume. Ndinkapempha kuti ithime, komanso ndinkaopa kuti ithima.

Pa tala inayenda bwino. Titakhotera msewu wafumbi wa mabampu, tinapitirira golosale yomaliza, tili pakati pa minda yopanda kanthu, inadzuma kawiri n'kuthima. Kagetsi kanayaka.

Kumbuyo kunabuka phokoso. Azakhali a malemu anafuula, "Akukana! Munthuyu sakufuna kupita kwawo. Mufunseni mkaziyu chimene anamuchita!" Namfedwa, mtsikana wa mwana kumsana, anangobisa nkhope m'chitenje. Malume anayamba kulankhula ndi bokosi, "Mphwanga, tiye kwanu, anthu akudikira."

A Tembo anali akukoka thumba lawo pansi pa miyendo ya azimayi. Ine kutembenuka, ndinaona boneti ili yotsegula, dalaivala ali kale pa batire ndi sipanala. Dzanja lake linali litazolowera. Mmene ndinatsikira sindikudziwa. Ndinangomugwira mkono ndi manja onse awiri.

"Musakhudze!"

"Mayi inu, dzuwa likupita! Ndisiyeni!"

"Mukalizula mukumba nokha manda ena mawa. A Tembo, thamangani!"

Anafika akupuma wefuwefu, analanda sipanala ija n'kuika m'thumba la ovolosi yawo. Analowetsa kawaya. Ndinabwerera pampando, koma dzuwa linkalasa pa galasi, kagetsi sindinkakaona bwino. Ndinamasula chitenje chapamwamba, ndinadzifunda pamodzi ndi chiwongolero. M'menemo munali motentha ngati m'balani yowotchera fodya, thukuta likulowa m'maso, kunja azakhali akadali pakamwa.

Kanaphethira kamodzi. Kanapuma. Kanaphethira kawiri.

"Manje, Anaphiri?"

"Dikirani!"

Ndinaopa kuti mwina ndaphethira ineyo, kamodzi kandidutsa. Ndikanena nambala yolakwa a Tembo amasula chitsulo china, dzuwa n'kulowa zitsulo zili pa saka. Ndinadikira kabwereze. Kanabwereza chimodzimodzi.

"Kamodzi, kupuma, kawiri!"

"Disitibyuta," anatero a Tembo. Chimenecho ndi chitsulo chogawira moto ku mapulagi. Sanachimasule. Anatsata mawaya ake ndi zala, mmodzimmodzi, mpaka anapeza wina wakhuzika pa chitsulo, wangotsala ndi timinyewa tiwiri. Pa tala ankagwirana, pa mabampu ankalekana. Anamusenda ndi mpeni, anapota, anamanga tepi yakuda, n'kumumangirira kutali ndi chitsulo chija.

"Lizani."

Dalaivala anatembenuza kiyi. Inalira, kagetsi n'kuthima kokha. A Tembo anapita kumbuyo ndi kachidutswa ka waya kamene anadula, anakaika m'dzanja la azakhali aja nati, "Amayi, amene ankakana ndi ameneyu." Azakhali anakayang'ana, n'kukaponya m'fumbi. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ena n'kulandira.

Tinafika dzuwa lili pansonga za mitengo. Adzukulu anali atakhala pa mulu wa dothi, makasu ali pambali. Bokosi linangolowa m'nyumba pang'ono kuti abale aone nkhope, n'kulunjika kumanda. Mmene ankakwirira kunali kukadaoneka. Namfedwa uja sindinalankhule naye, koma ndinamuona atakhala pakati pa azimayi anzake, wina atamulandira mwana.

Pagalajapo ndinakhalapo mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Chimene ndinatola n'chakuti kagetsi kakayaka usathamangire kukathimitsa, chifukwa ndi pokhapo pamene galimoto ingakuuzire chimene chikuipweteka. Ndipo ukawerenga, dikira kabwereze, kaya anthu akukalipira bwanji. Sipanala ya dalaivala uja a Tembo sanabweze. Anati kwa iye ndi yoopsa.